Lipoti la ntchito yosintha mawindo akale pa nyumba ina ku Mufakose, Harare

Ndine mmisiri wa zomangamanga, ndipo gawo limene ndalizolowera kwambiri ndi la kumangirira mafelemu a zitseko ndi mawindo komanso kuika magalasi. Lipoti ili ndi la ntchito imene ndinagwira pa nyumba ina ku Mufakose, kumadzulo kwa mzinda wa Harare, m'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala, mvula isanayambe. Ndinaitanidwa kuti ndichotse mawindo onse 8 a nyumbayo, koma ndinasintha 4 okha, ena 4 ndinawakonza ali pomwepo, ndipo nthawi yambiri ndinaithera pa khoma lozungulira mawindowo osati pa mawindo enieniwo. Zifukwa zake ndi zimene ndalemba pansipa, pamodzi ndi pamene ndinalakwitsa.

Mmene ntchito inabwerera

Amene anandipeza ndi mwana wamwamuna wa mwini nyumba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anandiimbira pa WhatsApp nati: "Achimwene, mawindo a nyumba ya amayi atha. Chotsani onse muike aluminiyamu, ndalama nditumiza." Mwini nyumbayo ndi mayi wamasiye wachikulire. Malemu amuna awo adachokera ku Ntcheu m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukutchedwa Salisbury, ndipo banjali lidalowa m'nyumbayi m'zaka za m'ma 1960, monga mmene mayiyo akukumbukirira. Pakhomopo akuluakulu amalankhula Chichewa, zidzukulu zimayankha m'Chishona, ndipo tinamvana popanda vuto.

Madandaulo a mayiyo anali omveka bwino. Mvula ikagwa, madzi ankalowa m'zipinda ziwiri zogona n'kunyowetsa khoma la kunsi kwa windo mpaka penti kusupuka. Mawindo awiri sankatsekeka mokwanira, moti m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ankawatseka ndi nsanza. Magalasi ankangosweka, ndipo mlandu wake unkagwera ana amene amasewera mpira mumsewu. Mfundo yomalizayi ndinaisunga mumtima, chifukwa zipinda zogonazo zili kumbuyo kwa nyumba, kumene mpira sufikako.

Zimene ndinapeza

Nyumbayi ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi nyumba yoyambirira ya zipinda zinayi, yofoleredwa ndi asibesitosi, yokhala ndi mawindo 5 achitsulo: la pabalaza, awiri a zipinda zogona, la kukhitchini ndi la kuchimbudzi. Gawo lachiwiri ndi zipinda ziwiri zimene banjali lidawonjezera pambuyo pake, zimene tsopano mumakhala anthu a lendi, ndipo zili ndi mawindo 3 opangidwa ndi wowotcherera wamba.

Mawindo a gawo loyamba ndi a miyezo imene timaidziwa tonse m'dera lino la Africa. La pabalaza ndi ND4, mamilimita 1511 m'lifupi ndi 1245 m'litali. A zipinda zogona ndi ND2, mamilimita 1022 ndi 1245. La kuchimbudzi ndi NE1, mamilimita 533 ndi 654. Manambala osamalizika bwinowa adachokera ku mainchesi, chifukwa mamilimita 533 ndi mainchesi 21 ndipo 1245 ndi mainchesi 49. Ubwino wake ndi wakuti felemu yatsopano yogula lero imalowa pa bowo limene linasiyidwa zaka 60 zapitazo popanda kugumula njerwa.

Ndinayamba ndi kukanda. Pa windo lililonse ndinapala penti pa chitsulo cha m'munsi, pa ngodya ziwiri za pansi ndi pa mahinjesi, kenako n'kubaya ndi nsonga ya sikuludiraiva. Kunja mawindo onse ankaoneka ofanana, obiriwira bwino, chifukwa ankapentedwa pafupifupi Khirisimasi iliyonse, koma chinali chikomekome cha mkuyu. Pa windo la chipinda cha mayiyo ndinawerenga mitundu 7 ya penti yosanjikizana, ndipo kunsi kwake chitsulo chinali chitasanduka makoko ofiirira amene ankayoyoka m'manja ngati khungwa louma. Nsonga ya sikuludiraiva inabowola n'kutulukira mkati mwa chipinda. Pa windo la pabalaza ndi la kukhitchini, nditapala penti yemweyo, chitsulo chinatuluka chotuwa ndi cholimba, dzimbiri lili pamwamba pokha.

Funso linali lakuti, mawindo oikidwa chaka chimodzi, opangidwa ndi chitsulo chimodzi, n'chifukwa chiyani ena anawola pamene ena ali bwino? Yankho ndinalipeza pa tsinde la windo, pamene felemu imakhala pa khoma. Nthawi ina nyumbayi idapakidwanso pulasitala kunja, ndipo amene adagwira ntchitoyo adakweza pulasitala mpaka kukwirira chitsulo cha m'munsi cha mawindo a kumbuyo. Nditaika levulo, chipangizo choyezera ngati malo apendekeka, pa tsindelo ndinaona kuti silinapendekere kunja, koma linapendekera pang'ono kulowera ku felemu. Ndinapempha mdzukulu wina kuti athire madzi a m'botolo pa galasi, ine ndili mkati, ndipo madziwo anatsika, anaima m'ngalande yapakati pa chitsulo ndi pulasitala, kenako pasanathe mphindi zisanu anayamba kuoneka mkati pa ngodya ya kumanzere. Tsinde lomwelo linalibe kamzere kodula kunsi kwake kamene kamachititsa kuti madzi adonthere pansi, choncho ngakhale madzi amene ankatsetsereka kunja ankabwerera n'kutsata khoma.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zinakulitsa vutoli. Denga la kumbuyo latulukira kunja pang'ono kwambiri ndipo lilibe gatala, ngalande yolandira madzi a padenga, moti madzi onse a theka la denga amagwera pafupi ndi khoma n'kuthovukira pa mawindo. Komanso zipinda zogonazo zayang'ana kummwera. Kuno ku Harare dzuwa limadutsa chakumpoto kwa miyezi yambiri ya pachaka, makamaka m'nyengo yozizira, choncho khoma la kummwera limachedwa kuuma pamene la pabalaza, loyang'ana kumpoto, limauma tsiku lomwelo.

Nkhani ya magalasi osweka inamveka pamenepo. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, chifukwa dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya. Kufufumako kumakankha pate, phala louma limene limagwira galasi pa felemu, pate amapanikiza galasi, ndipo galasi limang'aluka lokha. Mng'alu wotere umayambira m'mphepete, kawirikawiri pa ngodya ya pansi, n'kukwera mzere umodzi, pamene galasi logendedwa limakhala ndi pakati pamene mwala unamenya ndi ming'alu yomwazikira mbali zonse. Magalasi atatu osweka amene ndinawapeza onse anali a mtundu woyambawo. Kufufuma komweko ndi kumene kunapinda felemu mpaka chitseko cha windo kuleka kukumana ndi mnzake. Nditawafotokozera, mayiyo anaseka nati: "Ndiye kuti ana a eni ndakhala ndikuwakalipira pachabe."

Zimene tinagwirizana

Ndinauza mwana wawoyo kuti tikachotsa mawindo onse n'kuika aluminiyamu pa matsinde omwewo, aluminiyamuyo sadzachita dzimbiri koma madzi adzapitiriza kulowa, chifukwa njira yawo ili pa khoma. Ndinamuuzanso kuti mawindo 5 mwa 8 anali ndi chitsulo chabwino, ndipo kuwataya kunali kuwononga ndalama. Iye sanakondwe nazo poyamba. Ndikumvetsa chifukwa chake: munthu amene ali kutali amafuna kuti chimene wachitira kholo lake chizioneka kwa odutsa mumsewu, ndipo pate watsopano saoneka pa chithunzi cha pafoni.

Ndinafotokoza kusiyana kwa mitundu iwiriyi mogwirizana ndi nyumba imeneyi. Windo la aluminiyamu lokankhira m'mbali limatseguka theka lokha, ndipo kunena zoona silifika ngakhale thekalo, pamene lachitsulo la pabalaza linkatseguka zitseko ziwiri kunja n'kumakola mphepo yodutsa m'mbali mwa khoma. Muyezo umene amisiri ambiri timatsata ndi wakuti galasi la chipinda likhale gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa chipindacho, ndipo potseguka pasachepere gawo limodzi mwa magawo 20. Balaza la nyumbayi ndi la mamita 3.6 ndi 4.2, kutanthauza masikweyamita 15.1, choncho limafuna potseguka posachepera 0.76. Windo lokankhira la kukula kwa ND4 limakwanitsa muyezowu mongopulumukira. M'zipinda za anthu a lendi, mmene amaphikiramo ndi gasi magetsi akazima ndipo nthawi zina amalowetsamo mbaula m'mwezi wa Juni, sindikanavomera kuchepetsa mpweya ngakhale pang'ono, chifukwa mpweya woipa wa makala sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo. Kuwonjezera apo, felemu yachitsulo imabwera ndi zitsulo zotchingira mbava zowotchereredwa pomwepo, pamene ya aluminiyamu imafuna zitsulo zapadera zomangirira ku khoma, ndipo mtengo wake umakwera.

Mayiyo ndi amene anadula nkhaniyi. Anatenga foni nati kwa mwana wawo: "Mwanangu, wogona m'nyumba muno ndine. Pabalaza ika chimene ukufuna kuti anthu aone, koma kuchipinda kwanga amisiri aike chimene akuti sichilowetsa madzi." Tinagwirizana motere: pabalaza aluminiyamu, m'zipinda ziwiri zogona mafelemu atsopano achitsulo a ND2, windo limodzi la zipinda zowonjezera, limene linali litapindika pamwamba, lisinthidwe ndi lachitsulo, otsala 4 akonzedwe, ndipo matsinde onse 8 aumbidwenso. Sitinakulitse bowo lililonse, chifukwa kusintha kamangidwe ka khoma kumafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda, ndipo panalibe chifukwa cholowera m'zimenezo.

Kuchotsa ndi kuika mafelemu achitsulo

Mafelemu ndinakawasankha ndekha ku Siyaso, ku Mbare, kumene owotcherera amapanga mawindo ndi zitseko zambirimbiri. Posankha ndimayeza felemu kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri, chifukwa miyezo iwiriyo ikasiyana ndiye kuti felemuyo si sikweya ndipo sidzatsekeka bwino. Ndimayang'ananso kukhuthala kwa chitsulo ndi kuwotcherera kwa pa ngodya. Penti wofiira amene mafelemu amabwera naye ndi wopyapyala, wongowateteza ali pamsika, choncho ndisanamangirire ndinawapala, n'kuwapaka red oxide, penti woteteza chitsulo ku dzimbiri, kawiri, makamaka kumsana kwa felemu kumene kumakwiririka m'khoma, chifukwa kumeneko bulashi sidzafikakonso mpaka windolo litachotsedwa.

Tinkagwira windo limodzi pa tsiku kuti nyumba isagone yotsegula. Tinayamba ndi kuchotsa magalasi abwino n'kuwasunga, kenako tinadula felemu yakale ndi grinder, makina odulira chitsulo, pa malo anayi n'kuizula zidutswazidutswa. Kuzula felemu yathunthu ndi mgwala kumagumula njerwa, makamaka pa khoma lopyapyala la mamilimita 115 ngati la nyumba yoyambirirayi. Timapazi tachitsulo timene timagwira felemu m'khoma tinatitulutsa ndi hamala ndi tchizulo. Pa penti wakale tinasamala. Penti wamafuta wa zaka zimenezo kawirikawiri ankakhala ndi mtovu, umene fumbi lake limawononga ubongo wa ana aang'ono, choncho sitinawotche pentiyo ndi moto, tinkanyowetsa tisanapale, tinayala pulasitiki pansi, ndipo zidzukulu tinazithamangitsira kwa aneba mpaka titasesa. Denga la asibesitosi sitinalikhudze n'komwe.

Felemu yatsopano tinaiimika pa timitengo tosongoka, tinaiyeza ndi levulo chopingasa ndi choimirira, ndipo tinatseka zitseko zake n'kuzimanga ndi waya kuti isapotoke pamene matope akuuma. Timapazi tinatiika m'mabowo a m'khoma n'kutikwirira ndi matope a muyezo umodzi wa simenti pa miyezo 4 ya mchenga, n'kukanikizira matope omwewo kumsana konse kwa felemu kuti pasatsale mphako yosunga madzi.

Tsinde ndi limene ndinalipatsa nthawi. Tinagumula pulasitala wakale mpaka pa njerwa, tinaika pulasitiki yotchinga chinyontho kunsi kwa felemu, kenako tinaumba tsinde latsopano loyambira kunsi kwa chitsulo cha m'munsi, kuti chitsulocho chikhale pamtunda ndipo chizioneka chonse. Tinalipendeketsa kunja moti pa masentimita 15 a kutalika kwake linatsika ndi masentimita pafupifupi 3, tinalitulutsa kupitirira khoma ndi masentimita 4, ndipo kunsi kwa mlomo wake tinadula kamzere ndi msomali matope akadali aawisi. Kamzere kameneko ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma madzi akafika pamenepo amalephera kukwera n'kudonthera pansi. Matsindewo tinawathirira kwa masiku 7, ndipo popeza m'mipopi munalibe madzi sabata imeneyo, zidzukulu zinkatunga ku mjigo ndi zigubu. Mu Sepitembala kuno kumakhala kouma ndi kwa mphepo, ndipo matope osathiriridwa amang'aluka asanalimbe.

Windo lopanda lintala

Pa windo lopindika la zipinda zowonjezera ndipamene panali ngozi. Ndisanadule felemu ndinagogoda pulasitala wa pamwamba pake kuti ndione lintala, mtanda umene umasenza njerwa za pamwamba pa windo, monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo sindinaipeze. Amene adamanga chipindacho adayala njerwa mizere inayi pamwamba pa felemu penipeni, ndipo pa njerwazo ndi pamene panakhala mtanda wa denga. Felemu ya windo ndiyo inkasenza katundu yenseyo, n'chifukwa chake inapindika pakati ndi mamilimita 12 ndipo chitseko chake chinkakhula pansi. Tikanadula felemuyo monga tinachitira ndi enawo, njerwa zikanatigwera m'manja, ndipo mwina denga likanatsika.

Tinaimitsa ntchito tsiku limenelo. Ndinajambula malowo n'kutumizira mwana wa mayiyo kuti aone chifukwa chimene mtengo ukwerere. M'mawa mwake tinachirikiza mtanda wa denga ndi mapolo awiri mkati mwa chipinda, tinachotsa mizere iwiri ya njerwa za pamwamba pa windo, ndipo tinalowetsa lintala ya konkire yogula, yotalika moti inakhala pa khoma ndi masentimita 20 mbali iliyonse. Tinadzaza njerwa pamwamba pake, n'kusiya mapolo ali pomwepo masiku atatu tisanadule felemu yakale. Mawindo ena awiri a gawo lomweli ndinawagogodanso, ndipo onse ali ndi lintala. Zikuoneka kuti womangayo zipangizo zinamuthera pa windo lomaliza, nangopitiriza.

Aluminiyamu wa pabalaza, ndi kulakwitsa kwanga

Felemu ya aluminiyamu imapangidwa pa muyezo umene mmisiri wapereka, ndipo simangiriridwa m'matope ngati yachitsulo. Bowo limayamba lapakidwa pulasitala n'kuuma, kenako felemu imalowa n'kumangidwa ndi masikuluwu. Zili choncho chifukwa simenti yaiwisi imadetsa ndi kudya aluminiyamu, komanso aluminiyamu amafutukuka ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho amafuna mpata wa mamilimita 5 kapena kuposerapo kuzungulira, umene umatsekedwa ndi silikoni, phala lofewa ngati labala losalowa madzi.

Pamenepa ndinalakwitsa. Ndinayeza bowo felemu yakale ikadali pomwepo, ndipo m'lifupi ndinayeza pa malo amodzi okha, pakati, podalira kuti bowo la ND4 ndimalidziwa. Ndikanayenera kuyeza pamwamba, pakati ndi pansi, n'kutenga muyezo wochepa pa yonseyo. Titachotsa felemu yakale tinapeza kuti njerwa za m'munsi kumanja zinalowa mkati ndi mamilimita 18, ndipo felemu yachitsulo inkabisa zimenezi chifukwa m'mphepete mwake munakwiririka m'pulasitala. Felemu ya aluminiyamu inali itapangidwa kale ndipo sikanadulidwa popanda kuiphwasula yonse ndi kudulanso magalasi. Tinathera theka la tsiku tikusema njerwa, ndipo popeza magetsi anali atazima tinasema ndi tchizulo, kenako tinadikira masiku ena kuti pulasitala watsopano aume. Mausiku anayi bowo la pabalaza linali lotsekedwa ndi malata ndi matabwa, ndipo mnyamata wanga wothandiza ankagona pabalazapo. Masiku amenewo sindinawalipiritse, chifukwa mlandu unali wanga.

Zitsulo zotchingira mbava tinaziika mkati, zomangirira m'khoma, osazikhudzitsa ku felemu, chifukwa chitsulo ndi aluminiyamu zikakhudzana pamalo a chinyontho, aluminiyamu ndi amene amadyeka. Pa chifukwa chomwecho masikuluwu tinagwiritsa ntchito a chitsulo chosachita dzimbiri. Felemu yakale ya ND4, imene inali yabwinobwino ndipo tinaizula yathunthu osaidula, ndinaipala, ndinaipaka red oxide n'kuisiyira mayiyo kuseri kwa nyumba, chifukwa akulingalira zomanga khitchini ya panja.

Mawindo okonzedwa, magalasi ndi pate

Pa mawindo 4 otsalawo ntchito inali yodziwika. Tinachotsa magalasi ndi pate yense wakale, tinapala dzimbiri ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo kuwala, tinawongola mahinjesi, tinasintha zogwirira ziwiri, ndipo pa windo limodzi tinadula kachigawo ka masentimita 20 ka chitsulo cha m'munsi n'kuwotcherera katsopano.

Magalasi tinaika a mamilimita 3 pa timawindo ting'onoting'ono, a mamilimita 4 pa zitseko zazikulu za ND2, ndi losaonekera mkati kuchimbudzi. Galasi limalemera makilogalamu 2.5 pa sikweyamita imodzi pa milimita iliyonse ya kukhuthala kwake, choncho kuika lokhuthala mopitirira pa chitseko cha windo chopepuka kumangolemetsa mahinjesi. Galasi lililonse tinalidula lochepera ndi mamilimita 3 m'lifupi ndi m'litali kuti lisakhudze chitsulo. Chimene ndinapeza pa magalasi ambiri akale a nyumbayi, ndipo ndimachipeza pa nyumba zambiri za ku Mufakose, Highfield ndi Mabvuku, ndi chakuti adangowagoneka pa chitsulo chouma n'kupaka pate kunja kokha. Galasi limayenera kugona pa pate wopyapyala wa kumbuyo, kenako kugwiridwa ndi timawaya topanira, ndipo pomaliza kupakidwa pate wa kutsogolo wosalazidwa mopendekera kuti madzi asaime. Popanda pate wa kumbuyo, thukuta limene limachita mkati mwa galasi m'mawa wa Juni limatsikira kuseri kwa galasi n'kukhala pa chitsulo, ndipo dzimbiri limayambira mkati, kumene mwini nyumba saona.

Pate sapentedwa tsiku lomwelo. Tinadikira masabata atatu mpaka atachita khungu lolimba loti chala sichisiya chizindikiro, kenako tinapaka penti wamafuta kawiri, tikulowetsa pentiyo pa galasi ndi mamilimita 2 kuti atseke mpata wapakati pa pate ndi galasi. Mayiyo ataona mzere wa penti pa galasi anafuna kuti mdzukulu aupale ndi lezala, ndipo ndinawapempha kuti ausiye. Masabata atatu amenewo ali ndi adani awo. Pate amakhala ndi mafuta a mbewu yotchedwa linseed amene mbalame zimawakonda, ndipo ana amamukonda kuposa mbalame. Nditabwera kudzapenta ndinapeza pa windo la kukhitchini mabowo asanu a zala zazing'ono, ndipo pakhonde panali ng'ombe youmbidwa ndi pate wanga, ya nyanga ziwiri ndi linunda. Ndinapakanso mbali imeneyo n'kudikira masabata ena awiri.

Ndalama zonse za ntchitoyi, kuphatikizapo lintala imene sinali mu mtengo woyamba, zinachepera pa theka la mtengo umene ndinawerengera woika aluminiyamu ndi zitsulo zake pa mawindo onse 8. Windo limodzi la pabalaza ndi zitsulo zake linadya ndalama zambiri kuposa mafelemu atatu achitsulo pamodzi ndi magalasi awo.

Zimene ndinaona mvula itagwa

Ndinabwererako kawiri, kumapeto kwa Novembala mvula yoyamba itagwa, ndi mu Febuluwale ili pakati. M'zipinda ziwiri zogona madzi sanalowe. Khoma la kunsi kwa mawindo linatuluka ufa woyera wa mchere mu Novembala, umene umaoneka khoma lonyowa kwa zaka zambiri likayamba kuuma, ndipo ndinawalangiza kuti azingousesa ndi bulashi youma, asapente mkati mpaka nyengo ya mvula itatha. Mu Febuluwale ufawo unali utachepa kwambiri. Galasi silinasweke ngakhale limodzi, ndipo windo la pansi pa lintala yatsopano likutseguka ndi dzanja limodzi.

Dandaulo linachokera pabalaza. Mu Januwale kunagwa mvula yamphamvu ya mphepo, ndipo madzi anasefukira kuchokera m'njanji ya m'munsi ya windo la aluminiyamu n'kunyowetsa mpando. Nditayang'ana ndinapeza kuti timabowo totulutsira madzi m'njanjiyo tinali titatsekeka ndi fumbi la mumsewu ndi mapiko a ngumbi. Ndinatitsegula ndi waya, ndinathira kapu ya madzi kuti mayiyo aone mmene amatulukira kunja, ndipo ndinaonetsa mdzukulu wamkulu mmene azichitira mwezi uliwonse. Zimenezi ndikanayenera kuwauza tsiku limene ndinapereka ntchito, ndipo sindinawauze. Mayiyo anadandaulanso kuti pabalaza pamatentha mu Okutobala kuposa kale, moti masana amakhala pakhonde, koma anawonjezera kuti fumbi ndi phokoso la mumsewu zachepa windolo likatsekedwa, zimene n'zoona, chifukwa m'mphepete mwake muli timaburashi totseka mipata.

Chimene chatsala ndi denga la kumbuyo. Matsinde atsopano akutaya madzi bwino, koma madzi a padenga akugwerabe pafupi ndi khoma, ndipo mu Febuluwale ndinapeza ndere zobiriwira pa mizere itatu ya njerwa za pansi. Ndinalangiza kuti paikidwe gatala wa mamita 9 womangirira pa thabwa la m'mphepete mwa denga, osabowola asibesitosi, ndipo paipi yake itsikire mu thanki, popeza pakhomopo madzi ndi osowa kale. Mwana wa mayiyo wavomera kuti ntchitoyo ichitike mu Meyi, ndipo tsiku lomwelo ndidzapenta khoma la mkati mwa zipinda ziwiri zogona ndi kuyang'ananso pate wa windo la kukhitchini.